Mabatire a Mchenga

Chipinda chosungiramo katundu m'sitolo ya Madam Tansingco chinalibe zenera. Amene anachimanga anaganizira akuba, munthu wogwiramo ntchito sanamuganizire. Doray ankadziwa kuti dzuwa lapendeka pogwira khoma lakumadzulo likayamba kutentha, ndipo mvula ankaimva ndi mphuno, makatoni akayamba kununkha chinyontho.

Ntchito yake inali mabatire. Sitoloyo inkagulitsa chilichonse, misomali, mapoto, zingwe za maboti, koma khoma limodzi lonse kutsogolo linali la mabatire okhaokha, aakulu ndi aang'ono, atakolekedwa m'mizere m'timapepala tawo tonyezimira. Onse apakhomawo anali abodza. Batire ndi kanthu kosavuta kutsetserekera m'thumba, ndiye kampani inkatumiza zigoba zopanda kanthu m'kati, zoti anthu aziona ndi kuloza. Munthu akaloza, mtsikana wa pakauntala ankaliza kabelu n'kukuwa mtundu wake, Doray n'kutulutsa enieniwo pa kabowo kamene kanali pachitseko cha kuseriko. Theka la anthu a m'tauni ya Catbalogan linkalidziwa dzanja la Doray. Nkhope yake, ngakhale atsikana a pakauntala ankaiiwala akapita kutchuthi.

Mabatire enieniwo ankawasamala kuposa mmene ankadzisamalira yekha. Sankawaika pasimenti koma pamatabwa, ndipo sankawagundikiza kukhoma lotentha lija. Akale ankawakokera kutsogolo, atsopano n'kuwakankhira kumbuyo, kuti pasapezeke lokalambira pashelefu. Lina likatuluka m'pepala lake, sankalola kuti ligone pamodzi ndi misomali kapena makiyi. M'mawa uliwonse ankayenda ndi tochi m'mashelefu monse kufunafuna ufa woyera uja umene batire limalavula likayamba kuwonongeka.

Koma chimene ankanyadira nacho kwambiri chinali abodza aja. Zigobazo zinkabwera zopepuka, moti fani ya m'sitolo ikatembenuka zinkavina pakhoma n'kumagundana, aliyense n'kudziwa kuti n'zachabe. Madam zinkawanyansa. Ndiye Doray anakatapa mchenga kunyanja, n'kuukazinga m'chiwaya kuti uume, n'kudzaza chigoba chilichonse mpaka chilemere ngati batire lenileni, kenaka n'kuchimata n'kuchibwezera m'pepala lake. Kunsi kwa chilichonse ankadonthezako kadontho kofiira ka utoto wa zikhadabo, kuti mwini wake asasokonezeke. Utotowo anagula botolo limodzi, ndipo zikhadabo zake sizinaulawepo.

Doray anali atapitirira zaka makumi anayi. Mwamuna amene ankati amukwatira anapita ku Manila kukafuna ntchito, ndipo zikuoneka kuti akuifunabe. Ankagona m'kachipinda kalendi kuseri kwa tchalitchi, ndipo mpunga wake ndi nsomba youma ankadyera m'chipinda cha katundumo, atakhalira katoni. Wachibale amene anatsala naye anali bambo ake okha, Tatay Minggoy, kwawo kuchilumba, ulendo wa m'mawa wonse pa boti.

Kunena zoona, awiriwa analibe nkhani. Amene ankalumikiza mawu m'nyumba mwawo anali mayi ake, ndipo iwo atamwalira, bambo ndi mwana anangotsala akuyang'anizana. Doray akapita pa Khirisimasi ankakhala nawo pakhonde kumvera wailesi, tsiku n'kutha, iye n'kubwerera. Tatay Minggoy ankakhala okha kumapeto kwa gombe, kupitirira minda ya kokonati, maso atachita ng'ala. Ndi anthu a m'mudzi anadana nawo kalekale, kuyambira ndi Mano Kardo, mnzawo wa paubwana (kwawoko mwamuna wamkulu amamulemekeza ndi mawu akuti Mano, mkazi akuti Mana), pa nkhani ya nkhumba imene inadya mbatata. Masiku ano palibe amene akukumbukira kuti nkhumba inali ya ndani, mbatata ya ndani. Foni anaikana, amati foni ndi ya anthu okhala ndi zonena. Chimene ankachikhulupirira padziko pano chinali wailesi yawo yakale ya mabatire aakulu anayi. Akuluakulu a mudzi akabwera kudzawauza kuti kukubwera namondwe, akwere kusukulu ya paphiri, ankawathamangitsa ndi ndodo. Ankasamuka pokhapokha wailesiyo ikatchula dzina la chilumba chawo.

Choncho mwezi uliwonse Doray ankagula mabatire anayi, n'kuwakulunga m'pulasitiki, n'kumupatsa Teroy woyendetsa boti. Pobwera, Teroy ankamubweretsera kaphukusi ka nsomba zouma ndi mawu awiri okha, "Akuti afika." Chibale chonse cha Doray chinali chimenechi, ndipo mawu awiriwo ankawadikira mwezi wathunthu.

Namondwe wa chaka chimenecho atangolengezedwa, tauni yonse inakumbukira kuti tochi zake zilibe moto. Kuyambira m'mawa kabelu sikanapume. "Aakulu anayi!" "Aang'ono a tochi, phukusi lonse!" Dzanja la Doray linkangolowa ndi kutuluka pakabowo. Kenaka kunachitika chosachitikachitika, Madam analowa okha kuseriko akudzikupiza ndi chidutswa cha katoni.

"Doray, madzi akalowa ngati chaka chija, khoma lija limira. Zonse za kutsogolo zibwere kuno, zikwere pamwamba."

"Ndi abodza omwe, Madam?"

"Abodzawo kampani imawakonda kuposa ine. Kapena ukufuna mchenga wakowo ubwerere kwawo kunyanja? Fulumira, mwana iwe."

Atsikana anakokolola zonse zapakhoma n'kudzazikhuthula patebulo pa Doray, pomwe panali kale katoni yotsegula ya mabatire enieni aakulu. Doray anakuwa kuti asasakanize, koma ndani amamva mawu ochokera kuseri? Anatembenuka n'kupitiriza kutumikira pakabowo, akutenga pashelefu ya pafupi ndi chitseko monga mwa masiku onse.

Pakati pa chipwirikiticho wina anamenya chitseko chakumbuyo, chotulukira kungalande. Anali Teroy, thukuta lili kamukamu, thumba la mpunga lili paphewa.

"Mana Doray, ngati muli ndi kanthu ka madala, ndi pompano. Asilikali a panyanja akutseka doko masana ano. Ine ndikunyamuka, sindikufuna nsomba zikandidye, ndimadya ndine."

"Koma mwezi sunathe. Ali nawo aja ndinatumiza."

"Atha amenewo. Akhala akuitsegula osaipumitsa, kumvera za mphepoyi. Dzulo imalankhula ngati munthu wa malungo, lero m'mawa ndadutsako yangoti zii. Ndiye bambo anu mukuwadziwa. Wailesi ikapanda kunena sasuntha, ngakhale nyanja itabwera kudzaodira pakhomo."

Kabelu kanalira. Madam anaitana dzina lake kutsogolo. Doray anatambasula dzanja patebulo, n'kutola mapepala awiri a mabatire aakulu, awiriawiri. Analemera bwino m'manja. Anawakulunga m'pulasitiki, n'kumanga mfundo, n'kumulowetsera Teroy m'thumba la malaya.

"Ukawauze akwere kusukulu, asadikire."

"Ndikawauze ine? Mukufuna ndibwere ndi chotupa pamutu?" Teroy anaseka, n'kuthamanga kulowera kudoko.

Chakumasana anthu anachepa, mashelefu a aang'ono atayera. Doray anayamba kulongosola mulu wa patebulo, kutembenuza pepala lililonse kuti aone kadontho kofiira, abodza n'kumawaika m'bokosi lawo. Ankawadziwa onse ngati mmene mayi amadziwira mbale za m'nyumba mwake. Atamaliza, mapepala awiri a aakulu sanaoneke. Anasuzumira pansi pa tebulo. Anakafufuza pakhoma kutsogolo, timbedza tonse tinali topanda kanthu. Anabwerera n'kuyang'ana m'katoni ya enieni ija, ndipo inali yodzaza mpaka pakamwa, palibe limene linachokamo.

Anangokhala pansi pasimenti. Onse amene anadutsa pakabowo anawatenga pashelefu. Patebulo anatengapo kamodzi kokha. Anali atawatumizira bambo ake mchenga, kuchilumba chodzaza mchenga, ndipo kadontho kofiira kaja maso a ng'ala sakanakaona.

Anaimba foni ya Teroy, sinalowe. Kuchilumbako foni inkagwira pamwamba pa phiri pokha, ndipo tsiku limenelo ngakhale pamenepo inali itatha. Anatenga mabatire enieni anayi, n'kuuza mtsikana wa pakauntala kuti amulembere, n'kutuluka osapempha chilolezo, koyamba chiyambire ntchito. Kudoko mphepo inali itayamba kukankha anthu. Maboti onse anali atakokeredwa kumtunda, ndipo pageti panaima msilikali wa panyanja atavala jasi la mvula.

"Palibe boti lonyamuka, Mana. Ngakhale la meya."

"Ndi mabatire okha. Anayi. Wina angowafikitsa basi."

"Mabatire?" Msilikaliyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Anthu akulirira ana awo pano, inu mukulirira mabatire? Pitani kunyumba, malata ayamba kuuluka."

Doray anatsegula pakamwa, koma nkhaniyo inali yaitali, ya nkhumba, ya ndodo, ya mchenga wokazinga m'chiwaya, ndipo iye sanazolowere kulankhula mawu opitirira atatu. Anathamangira kunyumba youlutsira mawu, kumene anthu amatumizira mauthenga abale awo a kuzilumba. Mzere unali utafika pamsewu, ndipo asanayandikire n'komwe pakhomo anatseka chitseko. Ali chiimire pamvulapo anadzifunsa kuti ngakhale akanauwerenga uthengawo, ndani akanayenda mpaka kumapeto kwa gombe chifukwa cha munthu wothamangitsa anzake ndi ndodo.

Namondwe anafika m'mawa mwake. Madam ankafuna munthu wotsala kuyang'anira katundu, ndipo Doray anavomera msanga, poti analibe wina woti akabisale naye. Magetsi anazima. Madzi analowera pansi pa chitseko chakumbuyo, akuda, onunkha ngalande, iye n'kukwera patebulo miyendo atakumbatira. Kunja kunkalira malata, ndipo nthawi ndi nthawi chinthu cholemera chinkamenya khoma. Akawalitsa tochi ankaona mashelefu atamuzungulira, odzaza mabatire okwanira kulankhulitsa wailesi iliyonse ya m'chigawo chawo cha Samar. Ankawaona bambo ake m'maganizo atakhala pamphasa, akutembenuza mabatire, akumenya wailesi ndi chikhatho, akuitchera khutu, nyanja ikukwera masitepe. Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, atatha anayambiranso. Kenaka analira mokweza, poti panalibe womumva.

Panapita masiku doko lisanatsegulidwe. Teroy sanaoneke. Doray ankapita kudoko m'mawa uliwonse kufunsa aliyense wotsika, koma anthu anali ndi zawo, wina denga, wina boti, wina mwana. Pomaliza anapeza malo m'boti lonyamula mpunga wa chithandizo. M'chikwama mwake munali mabatire anayi aja, ndipo kunsi kwawo anali atayang'anako kambirimbiri, n'kuwayesanso m'tochi.

Chilumba chawo anachizindikira movutikira. Mitengo ya kokonati inali itaduka mitu. Atatsika sanalowe m'mudzi, analunjika kumapeto kwa gombe, akudumpha mitengo yakugwa ndi maukonde opiringizika. Nyumba inalipo, koma theka lokha. Nsanamira zinaima, denga linatsala mbali imodzi, masitepe kunalibe, ndipo nyanja inali itadutsa m'kati n'kusiya mchenga ndi zigoba za nkhono pamene pankakhala mphasa. Pa msomali pamene pankakolekedwa wailesi panalibe kanthu.

"Tatay!" anaitana. Anaitananso kuseri kwa nyumba, ndi kumitengo. Anayankha ndi mafunde okha.

Anabwerera chakumudzi akukonzekera kumva chimene anthu amanena atayang'ana pansi. Asanafike pachitsime anamva mkangano ukuchokera pabwalo pa Mano Kardo, pansi pa lona la buluu limene anamanga m'malo mwa denga.

"Wabodza iwe Kardo! Mkazi uja sanamuphe mwamunayo. Dikira mawa umve."

"Ukudziwa chiyani iwe, maso ako amenewo?"

"Sewero la pawailesi limafuna maso? Mbuzi iwe."

Doray anaima pampanda. Anali bambo ake. Anakhala pabenchi atavala malaya obwereka, mbale ya nthochi zophika ili pamiyendo, ndodo ili pansi ngati yaiwalika. Pambali pawo panali Mano Kardo, ndipo pa chitsa panali kawailesi ka sola kakulengeza malonda a sopo. Woyamba kumuona anali Mana Saling, akazi a Mano Kardo, amene ankapeta mpunga wonyowa. Anamuitana kuti Iday, monga amaitanira mwana wamkazi kwawoko.

"Iday! Ambuye, taonani mmene waonderamu. Minggoy, mwana wako uyu."

"Doray?" Tatay Minggoy anatembenuzira nkhope kolakwika pang'ono. "Wabwerera chiyani? Si Khirisimasi."

Doray anagwada, n'kutenga dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi pake. Analigwira nthawi yaitali kuposa mmene mwambo umafunira, mpaka iwo analichotsa okha.

"Khala apa ndikuuze," anatero Mana Saling, akumukankhira chidebe choti akhalire. "Madzulo aja, mphepo itayamba kale, tinangoona munthu akubwera akupapasa mipanda, wailesi ili kukhwapa. Waima pamenepo waima iwepo, moni palibe, akuti, 'Yanuyo ikuti chiyani?' Zaka zonsezi osaponda pano! Ine mbale inagwa. Ndiye Kardo akuti, 'Ikuti nkhalamba zamakani zikwere kusukulu.' Tinakwera nawo atagwira phewa la mnzawoyu, akutukwanizana njira yonse mpaka paphiri."

"Amandiponda dala," anatero Mano Kardo.

"Umayenda ngati nkhanu," anatero Tatay Minggoy. Kenaka anapapasa pansi pa benchi n'kutulutsa wailesi yawo, itakulungidwa m'thumba la mpunga. "Yafa iyi, Doray. Ndinaika mabatire ako atsopano aja, zii. Ndinawatembenuza, zii. Yakalamba, yatsogola."

"Ine ndinati mwina ndi mabatirewo, tiwayese m'tochi," anatero Mano Kardo. "Anatsala pang'ono kundiswa mutu."

"Nanga si umalankhula zopusa. Mwana wanga ndi amene amasunga mabatire a tauni yonse. Onse amene mumagula inu amadutsa m'manja mwake. Anganditumizire akufa? Yafa ndi wailesi."

Doray anayang'ana pansi. Chibadwire anali asanamvepo bambo ake akumutama, ndipo zinamupweteka kuti akumva lero, pa chinthu chimene analakwitsa. Dzanja lake linali kale m'chikwama, litagwira mabatire enieni aja. Mawu anali okonzeka pakamwa. Akanangotsegula kumbuyo kwa wailesiyo, kuonetsa timadontho tofiira, kupepesa, n'kuika atsopanowo.

"Anyamata akuti nyumba yako aikhoma sabata ino," anatero Mana Saling, akuyankhula ndi bambo a Doray. "Tikumangira chingwe kuchokera kwako kufika pampanda pano, uzingotsata. Masana uzibwera kusewero, uzidyera konkuno."

"Ndizibwera chifukwa yangayi yafa," anatero Tatay Minggoy. "Ikanakhala yamoyo bwenzi mukundionera patali. Mukuganiza kuti ndimakonda kumva uyu akutafuna?"

"Ndimatafuna chifukwa ndili ndi mano," anatero Mano Kardo. "Iwe umangomeza ngati nsato."

Tatay Minggoy anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, nkhama zili pamtunda, akumenya bondo la mnzawo ndi chikhatho. Doray anali ataiwala kuti bambo ake ali ndi kuseka kotero. Komaliza kukumva mayi ake anali moyo.

Ndipo anadziwa mmene zikanathera. Wailesi ikanangolankhula, iwo akanati, mwaona, n'kunyamula ndodo yawo, ulendo wa kumapeto kwa gombe. Chingwe chija palibe akanachimanga. Mwezi ukatha Teroy akanagogoda pachitseko chakumbuyo ndi kaphukusi ka nsomba, n'kunena mawu awiri aja. Doray ankawafuna mawu amenewo. Ankawafuna ndi mtima wonse, chifukwa kupatula iwo panalibe china chimene chinkabwera padziko pano chofuna iye. Anawafinya mabatirewo mpaka m'chikhatho munapweteka. Kenaka anatulutsa dzanja m'chikwama lili lopanda kanthu.

"Ndipatseni, Tatay, ndikaionetse kwa okonza kutauni."

"Tenga. Ikakanika usavutike nayo." Anamupatsa ndi thumba lomwe. "Ndipo mabatire usamatumizenso, Iday. Ya Kardoyi imadya dzuwa. Wavutika mokwanira."

"Chabwino, Tatay."

Boti la mpunga linkabwerera masana omwewo, ndipo Madam sakanamvetsa za tsiku lachiwiri. Mana Saling anamukulungira nthochi m'tsamba. Doray anatenganso dzanja la bambo ake kuti atsazike, iwo n'kunena kuti ayende bwino, koma khutu lawo linali kale kukawailesi ka pa chitsa, poti malonda a sopo anali atatha.

Kusitolo anapala matope, n'kuyanika matabwa, n'kutaya makatoni amene ananyowa. Khoma la kutsogolo litauma, anatsegula kumbuyo kwa wailesi ya bambo ake n'kutulutsa mabatire anayi a timadontho tofiira. Anawapukuta, n'kuwabwezera m'mapepala, n'kukawakoleka pa timbedza tawo. Madam anadutsa n'kunena kuti khomalo likuoneka bwino. Atabwerera kuseri, Doray anaika enieni aja m'wailesimo. Inalankhula nthawi yomweyo, mwamphamvu, mpaka anadzidzimuka n'kuitsitsa. Anaipezera malo kuseri kwa makatoni, kutali ndi khoma lotentha.

Mwezi utatha Teroy anagogoda pachitseko chakumbuyo. Boti lake anali atalikonza, utoto watsopano uli m'zikhadabo. M'manja munalibe phukusi.

"Mana Doray, muli moyo? Ine ndimati mwina munamira ndi mabatire anu. Kanthu ka madala kalipo?"

"Palibe."

"Akuti ndifunse za wailesi yawo."

"Ukawauze kuti okonza alephera. Akuti yafa basi."

"Ndimadziwa ine. Chinthu chija n'chachikulu kwa ine." Teroy anapukuta thukuta. "Koma musadandaule, madala anenepa. Chingwe chija achiyenda mpaka chasalala. Dzulo ndawapeza akuphunzitsa adzukulu a Mano Kardo kutukwana. Mawu ena alipo?"

Doray anaganiza, n'kupukusa mutu. Teroy anatembenuka, ndipo iye anamuperekeza ndi maso mpaka atakhota pangalande, mwina akumbukira kanthu kena kamene anamutuma. Sanacheuke.

Anatseka chitseko. Khoma lakumadzulo linali litayamba kufunda, ndiye anasuntha makatoni n'kutsegula wailesi motsitsa, n'kukhala pa katoni yake ndi mpunga wozizira. Mawa lija ankanena bambo ake pa za sewero la pawailesi silinafike msanga, ndipo linali tsiku limenelo pamene zinaululika kuti mkazi uja sanamuphe mwamunayo. Doray anaseka, akudziwa kuti tsidya lija Mano Kardo ali m'madzi pa mkangano uja, ndipo anatembenuka ngati pali womuuza. Panali mashelefu okha.

Kabelu kanalira. "Aakulu anayi!"

Doray anaika mbale pansi, n'kutenga mapepala awiri pashelefu. Anawatembenuza n'kuyang'ana kunsi, kenaka anatulutsa dzanja pakabowo.